Chiyambi cha Chophimba Kumaso Choteteza ku Mpweya wa Poizoni

Pa 22 Epulo 1915, asilikali a Germany anatsegula zitini zikuluzikulu za mpweya wa klorini pafupi ndi mzinda wa Ypres ku Belgium, ndipo mpweya wobiriwirawo, womwe umawononga mapapo, pokhala wolemera kuposa mpweya wamba unatsikira m'maenje momwe adani awo ankabisala. Poyamba asilikali ankangodzimanga pamphuno nsalu zoviika m'madzi, ena m'mikodzo, chitetezo chomvetsa chisoni zedi. Chaka chomwecho katswiri wa ku Russia, Nikolai Zelinsky, anapanga chophimba kumaso chosefa mpweya ndi makala okonzedwa mwapadera, omwe timabowo take timakola poizoni. Komabe mpweya wa mustard, womwe unafika mu 1917, unkawotcha ngakhale khungu, komwe chophimbacho sichinkafikako.