Mlandu umayamba bwanji, nanga milandu amaiwerenga bwanji?

Mlandu suyambira ku khoti. Umayamba pamene munthu wakanena. Kuno ku Meluluca, akatibera ukonde kapena mbuzi, ambiri timathamangira kwa amfumu kapena ku bwalo lija pa Cipwitikizi amati tribunal comunitário. Mabwalo amenewa anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992. Amayanjanitsa anthu pa nkhani zing'onozing'ono, ndipo angathe kulipiritsa wolakwa. Koma kutsekera munthu m'ndende, ayi, mphamvu imeneyo alibe. Kupha, kugwirira ndi kuvulaza munthu ndi nkhani za ku polisi.

Mukafika ku polisi ya PRM, wapolisi amalemba zimene mwanena. Pepala limenelo amati auto. Apa ndiye pofunika kudekha. Musasaine kapena kudinda cala musanamve zimene zalembedwa. Ngati mwayamba kuwerenga, werengani nokha, ngakhale pang'onopang'ono. Cipwitikizi cikakuvutani, pemphani womasulira. Kukanena mlandu ku polisi n'kwaulere.

Kenako pamabwera kufufuza. Nchito imeneyi ndi ya SERNIC, imene inalowa m'malo mwa PIC mu 2017. Amafunsa mboni ndi kusonkhanitsa umboni. Wowatsogolera ndi procurador, woimira boma pa milandu. Likulu la boma lathu la Lago ndi Metangula, ndiye nkhani zambiri zimakafika kumeneko. Umboni ukakwanira, procurador amalemba mlandu n'kuutumiza kwa woweruza. Ukacepa, amautseka.

Nanga za kumanga munthu? Wakuba akagwidwa ali mkati mwa kuba, ngakhale inu mungamugwire, koma mumupereke ku polisi nthawi yomweyo. Kumumenya kapena kumuwotcha ndi mlandu winanso, ndipo umagwera inu. Ngati sanagwidwe akucita, pamafunika cikalata ca woweruza. Bwalo la Conselho Constitucional linagamula motero mu 2013. Womangidwa ayenera kuonekera kwa woweruza asanathe maola 48, ndiye kuti masiku awiri. Woweruzayo ndiye amanena ngati adikire mlandu ali m'ndende kapena ali kwawo. Amene alibe ndalama za loya amathandizidwa ndi IPAJ, ofesi ya boma. Ndipo womangidwa si wolakwa ayi, mpaka khoti litagamula.

Milandu ina imatha wodandaula akakhululuka. Ina siitha. Lamulo la 2009 limati nkhanza kwa amayi m'banja ndi mlandu wa boma. Mayi angakhululuke, ankhoswe angakambirane, koma procurador amapitiriza.

Tsopano za kuwerenga milandu. Apolisi ali ndi kaundula wawo, procurador ali ndi wake, khoti lilinso ndi wake. Manambala atatuwa safanana, cifukwa milandu ina imathera panjira. Caka ndi caka Procurador-Geral amakapereka lipoti ku nyumba ya malamulo ku Maputo. Nayo INE, ija inawerenga anthu mu 2017, imafalitsa ziwerengero za milandu.

Nambala yokha siikwanira. Tiyerekeze midzi iwiri, uliwonse wabedwa ka 20. Wina uli ndi anthu 2,000, wina 20,000. Mudzi waung'onowo ndiwo uli pa mavuto: munthu mmodzi pa 100 alionse wabedwa, pamene mudzi waukulu ndi mmodzi pa 1,000. N'cifukwa cake akatswiri amawerenga milandu pa anthu 100,000 alionse, kuti Niassa ndi Maputo ziyerekezeke bwino.

Koma vuto lalikulu ndi milandu yosalembedwa. Msodzi wabedwa usipa pa thandala. Akawerengera ndalama ya njinga yamoto kapena bwato, ndi tsiku la nchito lotayika, amangoti basi zapita. Wina amaopa wakubayo, pena ndi m'bale wake. Mtsikana wogwiriridwa amacita manyazi, makolo n'kuthetsa nkhaniyo m'nyumba ndi cindapusa. Zonsezi sizifika m'kaundula wa aliyense. Ndiye mukamva pa wailesi kuti milandu yakwera, musafulumire kunena kuti mbava zacuruka. Mwina anthu ayamba kukanena, kapena polisi yafika pafupi. Ikatsika, mwina anthu angotopa ndi kukanena. Pofuna kudziwa zobisikazi, ofufuza amayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu ngati anaberedwa kapena kumenyedwa caka cathaci, ndiponso ngati anakanena ku polisi.