Dzina la Sykes m'Zolembedwa Zakale za ku West Riding: Kalembedwe, Katchulidwe ndi Funso la Ubale

Cholinga cha pepala lino ndi kulondola dzina limodzi la banja, dzina la Sykes, m'zolembedwa zakale za dera la West Riding m'chigawo cha Yorkshire ku Mangalande, kuyambira m'zaka za m'ma 1280 kufikira pa kalembera wa mu 1881. Funso lenileni ndi ili: kodi anthu awiri akapezeka ndi dzina limodzi m'kaundula, ndiye kuti ndi zidzukulu za kholo limodzi? Ambiri amaliyesa funso la anthu ofufuza mibadwo okha. Ife tikuti mbali yaikulu ya funsoli ndi ya akatswiri a ziyankhulo, pakuti chimene wofufuza amachipeza m'nyumba zosungira zakale si munthu ayi, koma malembo amene mlembi wina anawaika pa chikopa malinga ndi mmene khutu lake linamvera.

Tikanena dzina la banja sitikutanthauza mfunda kapena chiwongo monga Banda ndi Phiri, maina amene amakuta fuko lalikulu lofalikira m'maiko angapo. Dzina la banja la Chingerezi linayamba ngati dzina lapadera la munthu mmodzi, lonena za kumene ankakhala, ntchito yake, kholo lake kapena maonekedwe ake, ndipo kenaka linakakamira pa ana ndi adzukulu. Tikumbukirenso kuti West Riding inaleka kukhala dera la ulamuliro m'chaka cha 1974, koma zolembedwa zakale zinasanjidwa motsata malire akewo, choncho nafenso tiwatsata.

Tanthauzo la dzinali silivuta. M'Chingerezi cha kumpoto, sike ndi kamtsinje kakang'ono kapena kakhwawa, kawirikawiri kouma m'chilimwe, ndipo mawuwa ali ndi mnzake m'chiyankhulo cha anthu a ku Scandinavia amene anakhazikika m'chigawochi kalekale. Timitsinje totere tinali paliponse. Motero aliyense akanaganiza kuti dzinali linabuka m'malo ambiri osadziwana, monga mmene bowa amamerera mvula ikagwa. Njira imene P. H. Reaney anatsata m'dikishonale yake ya maina a mabanja ya mu 1958 inalimbikitsa maganizo oterewa: ankasonkhanitsa zitsanzo zakale kwambiri za dzina kuchokera m'zigawo zosiyanasiyana, nafotokoza tanthauzo lake, koma osaonetsa kuti ndi chitsanzo chiti chimene chinasiya mbumba. Ntchito yake ndi yaikulu ndipo sitikuipeputsa. Chofooka chake n'chakuti imasakaniza dzina lapadera, lofera pamodzi ndi mwini wake, ndi dzina lochita kulowa m'malo. Komatu H. B. Guppy anali ataonetsa kale mu 1890, powerenga maina a alimi chigawo ndi chigawo, kuti maina ambiri ali ndi kwawo. Amene anaitenga mfundoyi n'kuigwiritsa ntchito mozama pa West Riding ndi George Redmonds, m'buku lake la mu 1973 limene linatsegulira mndandanda wa English Surnames Series.

Umboni woyamba uli m'mipukutu ya zikopa ya bwalo la milandu la Wakefield, imene imayambira m'chaka cha 1274. Bwaloli linkaweruza nkhani za minda, ngongole, ziweto zosokera ndi ndewu, motero maina a anthu wamba ndi ochuluka m'menemo. Redmonds anapeza kuti m'zaka za m'ma 1280 kumudzi wa Flockton, kummawa kwa Huddersfield, kunali banja lolima minda lolembedwa del Sike kapena del Sykes. Taonani kuti dzina limodzili lavala ziyankhulo zitatu. Chiganizo chonse cha mlandu chili m'Chilatini, kamawu kakuti del n'ka Chifalansa, kutanthauza "wa ku", ndipo tsinde lokha ndilo la Chingerezi. Sitiyenera kuganiza kuti mlimi wa ku Flockton ankadzitchula yekha ndi kamawu ka Chifalansako. Iko kanali ka mlembi. Kumpoto kuno timawu totere tinayamba kuzimirira cha m'ma 1400, ndipo kuzimirira kwake ndi chimodzi mwa zizindikiro zakuti dzina laleka kulongosola malo, layamba kulongosola banja.

Pa mfundo imeneyi kaundula wa msonkho wa pamutu wa mu 1379 ndi chuma chosasimbika. Aliyense wa zaka 16 kapena kuposerapo, kupatula opemphapempha, ankayenera kukhoma, ndipo osauka kwambiri ankakhoma mapeni 4. Okhometsa analemba maina mudzi ndi mudzi, patangopita zaka 30 chichitikire mliri waukulu wa mu 1348 ndi 1349 umene unafafaniza mabanja ambiri. Kaundulayu akutionetsa mchitidwe wa maina uli pakatikati, usanakhwime. Pali ena amene dzina lawo n'lolowa kale, koma pali ambiri otchulidwa ndi dzina la kholo kapena la bwana, lophatikizidwa ndi mawu otanthauza mwana wamwamuna, mwana wamkazi, mkazi wa uje kapena wantchito wa uje. Maina othera ndi mawu a mwana wamkazi anafa pafupifupi onse. Othera ndi son anakhala, ndipo ena othera ndi man, monga Matthewman, kutanthauza wantchito wa Matthew, alipo mpaka lero. Mwa maina a son, lotikopa kwambiri ndi la Dyson, pakuti kholo lake ndi mkazi: Dionysia wa ku Linthwaite, amene anaonekera m'bwalo pa mlandu wa kuba ng'ombe, ndipo mwana wake John analembedwa kuti Dyson mu 1316. Wofufuza wongoyang'ana malembo a dzinali lero sangalote zimenezi.

Tsono vuto limene limagwetsa ambiri lili apa. Pakati pa 1379 ndi 1538, chaka chimene Thomas Cromwell analamula kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro, pali zaka zoposa 150 zimene umboni wake ndi wa apo ndi apo: makalata a malo, mawilo a anthu opeza bwino, mabuku a lendi. M'nyengo imeneyi ndi mmene a Sykes akuonekera ku Slaithwaite, m'chigwa cha mtsinje wa Colne kumadzulo kwa Huddersfield, mtunda wosakwana mamailosi 15 kuchokera ku Flockton. Kufupika kwa mtundawu kumachititsa kuti ubale wa magulu awiriwa ukhale wokhulupirika, koma chinthu chokhulupirika ndi chinthu chotsimikizika n'zosiyana, ndipo olemba mbiri za mabanja ambiri amalumpha mpata umenewu mosadziwitsa owerenga.

Makaundula a m'maparishi akayamba, umboni umachuluka koma kalembedwe kamasokonekera. Kunalibe malamulo a kalembedwe ka maina. Wansembe kapena kalaliki ankalemba chimene wamva, ndipo munthu mmodzi angathe kubatizidwa ndi malembo ena, kukwatira ndi ena, n'kuikidwa m'manda ndi enanso. Dzina la Sykes n'lalifupi, motero kusintha kwake n'kochepa: Sikes, Sykes, Syke. Maina aatali ndiwo anavutika. Hinchliffe, dzina la ku chigwa cha Holme, limapezekanso ngati Hinchcliffe ndi Henchcliffe. Armitage linachokera ku mawu akuti hermitage, malo a munthu wodzipatula pa zifukwa za chipembedzo, kumwera kwa Huddersfield. Liwu la h linagwa, ndipo lembo laliwu loyamba linasintha motsata katchulidwe ka nthawiyo. Ngakhale dzina la mudzi wa Slaithwaite eni ake ambiri amalitchula kuti Slawit, kotero kuti mlendo womva ndi khutu sangalipeze pa mapu. Owerenga athu akuidziwa bwino nkhani yotereyi, pakuti m'mabuku a ubatizo a kwathu kuno dzina limodzi limalembedwa ndi l pena ndi r pena, kapena kutaya h wa mpumira, malinga ndi mishoni imene mlembi anaphunzirako.

Apa ndi pamene tikufuna kutsindika mawu kwa okonza malamulo a chiyankhulo. Wokonza mlozera wa maina amayesedwa kuti asankhe kalembedwe kamodzi "kolondola" n'kukonzera maonekedwe ena onse. Kutero n'kuwononga umboni pawiri. Poyamba, kalembedwe kooneka ngati kolakwika ndiko kamatisungira katchulidwe ka anthu osadziwa kulemba. Chachiwiri, wokonzayo amakhala atagamula kale mlandu wa ubale asanaumve, polumikiza maina ongofanana m'maso kapena kulekanitsa maina amene anali amodzi. Redmonds anaonetsa kuti umboni wodalirika kwambiri wa mmene dzina lasinthira ndi kamawu ka Chilatini kakuti alias, kamene mlembi ankaika pakati pa maina awiri a munthu mmodzi. Pamenepo si ife amene tikuganiza. Ndi mboni ya nthawi yomweyo imene ikunena. Komabe kamawuka nako kali ndi misampha yake, chifukwa nthawi zina kamasonyeza mwana wobadwira kunja kwa ukwati, kapena woleredwa ndi bambo womupeza, osati kusintha kwa katchulidwe.

Za madeti tingonena mwachidule: kufikira mu 1752 chaka ku Mangalande chinkayamba pa 25 Malichi, ndipo amene saidziwa mfundoyi amapeza ana oikidwa m'manda asanabatizidwe.

Msonkho wa malo osonkhapo moto m'nyumba, umene unkakhomedwa kuyambira mu 1662 mpaka mu 1689 pa mashileni 2 pachaka pa malo aliwonse, umatipatsa chithunzi chachiwiri cha dera lonse, ndipo kaundula wa West Riding wa mu 1672 anasungika bwino. Umu a Sykes akuoneka ataunjikana m'midzi yozungulira Huddersfield. Chinawasunga pamalo amodzi ndi ntchito yoluka nsalu za ubweya wa nkhosa. Banja linkatha kukhala ndi kamunda kochepa m'phiri ndi choombera nsalu m'nyumba, motero ana aamuna sankafunika kusamukira kutali. Pofika pa kalembera wa mu 1881, pamene kulembetsa kubadwa ndi imfa kuboma, koyambika mu 1837, kunali kutayamba kukhazikitsa kalembedwe, phata la dzinali linali likadali pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti dzina likachuluka chotere limaleka kugwira ntchito yake yosiyanitsa anthu. M'midzi ya m'zigwa zimenezi anthu ankaitanana ndi mndandanda wa maina a makolo, uje wa uje wa uje, kapena ndi dzina la nyumba, mofanana ndi mmene zinalili mu 1379. Dzina la banja linatsalira ku tchalitchi ndi kuboma.

Umboni wa mtundu wina unadza m'chaka cha 2000, pamene Bryan Sykes wa ku Oxford ndi Catherine Irven anafalitsa zotsatira za kupima kromozomu ya Y, imene imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna monga mmene dzina limayendera. Mwa amuna 48 a dzinali, a ku Yorkshire, Lancashire ndi Cheshire, 21 anapezeka ndi chizindikiro chimodzi, chimene sichinapezeke mwa amuna a maina ena amene anawayerekeza nawo. Ofufuzawo anagamula kuti dzinali lili ndi kholo limodzi, ndipo kuti enawo anabwera kaamba ka ana amene bambo wowabereka sanali mwini dzina, pa mlingo wa 1.3 pa 100 aliwonse mu mbadwo uliwonse.

Ife tikuona kuti chigamulochi chinafulumira. Chimene manambalawa akutsimikiza n'chakuti banja limodzi linachulukana kuposa ena onse, zimene zikugwirizana ndi nkhani ya Flockton ndi Slaithwaite. Sakutsimikiza kuti amuna 27 otsalawo onse analowa m'banjalo mwa njira ya mseri. Ena angakhale zidzukulu za anthu ena okhala pa timitsinje tina, amene mbumba yawo sinakule. A Sykes a ku Sledmere, banja la Sir Mark Sykes wa pangano la Sykes ndi Picot la mu 1916, mbiri yawo imati makolo awo anachokera kufupi ndi Carlisle m'chigawo cha Cumberland asanakhale amalonda a nsalu ku Leeds. Zizindikiro zimene anapima mu 2000 zinalinso zinayi zokha. Turi King ndi Mark Jobling a ku Leicester atabwereza kafukufuku wotere mu 2009, pa amuna 1,678 a maina 40 ndi zizindikiro zambiri, anapeza kuti maina osowa ndiwo amakonda kukhala ndi gulu limodzi lalikulu la achibale, pamene amuna a dzina lofala ngati Smith sasiyana kwenikweni ndi amuna ongotoledwa mwachisawawa m'dziko lonselo.