Buku la Masiku Athu

Mvula yoyamba ikagwa, chaka chili kumapeto, m'masitolo ogulitsa mabuku mumayamba kuoneka madayale a chaka chimene chikudza. Ena ndi aang'ono olowa m'thumba la malaya, ena ndi aakulu oyenera pa tebulo la mphunzitsi wamkulu kapena mlembi wa parishi. Ambirife posankha timayang'ana chikuto ndi mtengo, basi. Komatu dayale si kope wamba. Kope timaligula lopanda kanthu, pamene dayale timaigula ena atatilemberamo kale maina a miyezi, chiwerengero cha masiku ndi nambala ya chaka. Zimenezi anazikonza ndi anthu, mwa khama ndi mikangano ya zaka mazanamazana, ndipo Eklezia anagwirapo ntchito yaikulu. Nkoyenera kuti mabanja achikhristu aidziwe mbiri imeneyi, pakuti buku limene tilisankha lero ndilo lizidzatiuza chaka chonse kuti chofunika nchiti ndipo chosafunika nchiti.

Tiyambe ndi dzina lakuti kalendala. Aroma akale tsiku loyamba la mwezi ankalitcha Kalendae. Linali tsiku la nkhawa kwa amphawi, chifukwa ndi pamene okongoza ndalama ankalonjerera chiwongoladzanja chao, ndipo buku limene ankalembamo angongole ankalitcha kalendarium. Tinganene tsono kuti dzinali linabadwira m'nyumba ya katapila. Kawerengedwe ka masiku nakonso kanali m'manja mwa akuluakulu a chipembedzo chachikunja, amene ankaonjezera mwezi kapena kuusiya monga kwawakomera, nthawi zina pofuna kutalikitsa ulamuliro wa anzao. Chisokonezo chitakula, Julius Caesar anakonza zinthu mu chaka cha 46 Khristu asanabadwe, mothandizidwa ndi Sosigenes, katswiri wa nyenyezi wa ku Alexandria. Chaka chimenecho anachitalikitsa mpaka masiku 445 kuti miyezi ibwerere m'nyengo zake. Kuyambira chaka chotsatira, chaka chinakhala cha masiku 365, ndipo chaka chachinayi chilichonse chinkalandira tsiku limodzi loonjezera. Ambuye athu Yesu anabadwa, anafa ndi kuuka kalendala imeneyi ikugwira ntchito mu ufumu wa Roma.

Chimene chinachititsa Akhristu kusamala za kawerengedwe ka masiku ndi Paskha. Poyamba mipingo inkasiyana: ena akusala kudya, anzao ali kale pa chikondwerero. Aepiskopi atasonkhana ku Nicaea mu 325 anagwirizana kuti Akhristu onse azichita Paskha tsiku limodzi. Lamulo limene linakhazikika pambuyo pake ndi lakuti Paskha ikhale Lamulungu lotsatira mwezi wa kumwamba ukakhala wathunthu pa 21 Malichi kapena pambuyo pake, chifukwa 21 Malichi ankaliwerengera kuti ndi tsiku limene usana ndi usiku zimalingana. Nchifukwa chake Paskha imayendayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo imakoka Lachitatu la Phulusa ndi Pentekoste kuti ziziyenda nayo.

Patapita zaka 29 chichitikire msonkhano wa ku Nicaea, Mkhristu wina wolemera wa ku Roma, dzina lake Valentinus, analandira buku la chaka cha 354, lolembedwa ndi kukongoletsedwa ndi mmisiri wa zolembalemba Filocalus. Buku lenilenilo linatayika, koma makope ake alipo, ndipo tikaliona tingathe kulitcha gogo wa madayale athu. Munali masiku a mwezi uliwonse, masiku a masewera, masiku obadwa a mafumu ndi zikondwerero za milungu yachikunja. Koma munalinso mndandanda wa masiku a Paskha, masiku amene aepiskopi a ku Roma anaikidwa m'manda, ndi masiku a amartiri: Agnes pa 21 Januwale, Petro ndi Paulo pa 29 Juni, Laurenti pa 10 Ogasiti, ndiponso Perpetua ndi Felicitas a ku Africa pa 7 Malichi. Pamwamba pa mndandanda wa amartiriwo panalembedwa kubadwa kwa Khristu ku Betelehemu pa 25 Disembala, ndipo umenewu ndi umboni wakale koposa umene tili nao wa Khrisimasi pa tsikuli. Taonani, abale, m'buku limodzi munali masiku a dziko ndi masiku a Mulungu, ndipo mwini bukulo anayenera kusankha m'mawa uliwonse kuti atsata ati. Ifenso vuto lathu ndi lomwelo.

Nanga nambala ya chaka imene yadindidwa pa chikuto? Mu 525 mmonke wina wokhala ku Roma, Dionysius Exiguus, anali kukonza mndandanda watsopano wa masiku a Paskha. Mndandanda umene anaupeza unkawerenga zaka kuyambira pa ufumu wa Diocletian, amene analowa ufumu mu 284 ndipo anazunza Akhristu koopsa. Dionysius anakana kupitiriza kukumbutsa anthu dzina la wozunza, nayamba kuwerenga zaka kuyambira pa kubadwa kwa Ambuye. Kawerengedwe kake kanafala pang'onopang'ono, makamaka Beda Woyera wa ku England atakagwiritsa ntchito m'buku lake la mbiri ya Eklezia mu 731. Akatswiri amati Dionysius anaphonya ndi zaka zochepa, popeza mfumu Herode anamwalira zaka zinayi chisanafike chaka chimene iye anachiyesa choyamba. Koma cholinga chake chinapambana. Lero ngakhale munthu wosapemphera akamalemba deti pa kalata kapena pa chikalata cha ngongole, amawerenga zaka kuchokera ku khola la ku Betelehemu.

Kalendala ya Caesar inali ndi kachilema kakang'ono. Inkayesa kuti chaka ndi masiku 365 ndi maola 6, pamene kwenikweni ndi masiku 365, maola 5 ndi mphindi pafupifupi 49. Kusiyana kwake ndi mphindi 11 zokha pa chaka, zimene munthu sangazione m'moyo wake. Koma pa zaka 128 zilizonse mphindizo zimakwana tsiku lathunthu. Pofika m'zaka za m'ma 1500, tsiku lolingana usana ndi usiku linali litasunthira pa 11 Malichi, pamene Eklezia ankawerengerabe pa 21 Malichi, ndipo Paskha inali kutalikira pang'onopang'ono nyengo yake. Msonkhano wa ku Trento, umene unatha mu 1563, unasiya nkhaniyi m'manja mwa Apapa. Njira yokonzera inachokera kwa dokotala wina wa ku Calabria, Aloysius Lilius, amene anamwalira mu 1576 asanaone zipatso za ntchito yake. Mbale wake Antonio ndiye anapereka zolemba zake kwa Apapa. Pa gulu la akatswiri amene anaziunika panali Christopher Clavius, wansembe wa chipani cha Ajezuiti wochokera ku Germany, amene anathera zaka zambiri akuteteza kalendala yatsopanoyo kwa oitsutsa.

Pa 24 Febuluwale 1582 Papa Gregory XIII anasaina kalata yolamula zinthu ziwiri. Choyamba, masiku 10 achotsedwe: Lachinayi pa 4 Okutobala litsatidwe ndi Lachisanu pa 15 Okutobala. Chachiwiri, zaka zothera pa 00 zisamalandire tsiku loonjezera pokhapokha ngati zigawika ndi 400. Motero 1600 ndi 2000 zinali ndi 29 Febuluwale, koma 1700, 1800 ndi 1900 zinalibe, ndipo 2100 sichidzakhala nalo. Tizindikire apa kuti madeti anadumpha koma sabata silinakhudzidwe. Lamulungu linabwera pa nthawi yake. Usiku womwewo wa pa 4 Okutobala, Teresa Woyera wa ku Avila anamwalira ku Alba de Tormes, ndipo kutacha linali tsiku la 15, limene timamkumbukira mpaka lero.

Maiko achikatolika monga Spain, Portugal ndi Poland anatsata msanga. Ena anakana kwa nthawi yaitali, chifukwa chakuti lamulo linachokera kwa Apapa. Britain inadikira mpaka 1752, ndipo pamenepo inayenera kuchotsa masiku 11: pa 2 Sepitembala panatsatira pa 14 Sepitembala. Russia inasintha mu 1918, Greece mu 1923. Mipingo ina ya Orthodox, monga wa ku Russia ndi wa ku Serbia, imasungabe kalendala yakale pa zikondwerero zao, nchifukwa chake Khrisimasi yao imagwa pa 7 Januwale pa kalendala yathu. Mgwirizano umene aepiskopi a ku Nicaea anaufuna pa tsiku la Paskha sunapezekebe kwathunthu, ndipo ndi nkhani yoyenera kuipempherera.

Dayale ya mtundu umene tikuudziwa, yokhala ndi malo olembamo za kutsogolo, inabwera ndi amalonda. Mu 1812 John Letts, wogulitsa mapepala ku London, anayamba kusindikiza mabuku otere kuti amalonda azilembamo za katundu, zombo ndi malipiro. Apa buku la masiku linabwereranso ku chiyambi chake cha ntchito ndi ngongole. Ngakhale chilankhulo chathu chimachitira umboni. Makolo athu ankawerenga miyezi poyang'ana kumwamba, ankadziwa nyengo ndi chizimalupsa, dzinja, masika ndi chilimwe, ndipo zaka ankazikumbukira ndi zochitika, monga akulu ena amanenerabe za njala ya 1949. Sabata la masiku 7 litafika ndi amishoni ndi azungu a m'minda, Lolemba linakhala tsiku lolembedwa ntchito, Loweruka tsiku loweruka ku ntchito. Limodzi lokha ndilo linatchedwa ndi dzina la Mwini wake: Lamulungu.

Komabe ana a Eklezia sanasiye kulemba masiku ao pamaso pa Mulungu. Ignatius Woyera wa ku Loyola, m'buku lake la mbindikiro limene Papa Paul III analivomereza mu 1548, anaphunzitsa kuti munthu asankhe cholakwa chimodzi chimene afuna kuchigonjetsa, ajambule mizere pa pepala, ndipo masana ndi madzulo aziika kadontho pa nthawi iliyonse imene wagwa, kenaka aziyerekeza tsiku ndi tsiku linzake, sabata ndi sabata linzake. Angelo Roncalli anayamba kulemba za moyo wake wauzimu mu 1895 ali mnyamata wa ku seminale ya ku Bergamo, ndipo sanaleke mpaka atakhala Papa John XXIII. Kuno kwathu, Abambo Oyera amene anafika kwa Mponda mu Disembala 1889 ankalemba dayale ya mishoni. Anachoka mu 1891 osaona zipatso zambiri, koma chifukwa cha zolemba zaozo tikudziwa lero za matenda ao, za ana amene ankawaphunzitsa ndi za moyo wa anthu a m'mbali mwa Shire pa nthawiyo. Akadapanda kulemba, chiyambi chovutachi chikadaiwalika, ndipo tikadangokumbukira za Nzama mu 1901 ndi Mua mu 1902.

Tsono tikaima m'sitolo, tiyang'ane chiyani? Choyamba titsekule tione kuti Lamulungu laikidwa pati. Madayale ambiri a masiku ano amayamba sabata ndi Lolemba, ndipo Loweruka ndi Lamulungu amazipanikiza pa kangodya ka pansi, ngati masiku opanda kanthu. Kalendala ya Eklezia, imene Papa Paul VI anaikonzanso mu 1969, imaika Lamulungu patsogolo monga tsiku loyamba la sabata ndi chikondwerero choyambirira cha Akhristu. Ngati tipeza dayale yopatsa Lamulungu malo okwanira, titenge imeneyo, ngakhale chikuto chake chikhale chosakongola. Chachiwiri, tisagule yaikulu yongodzionetsera. Yaing'ono yolembedwamo iposa yachikopa yogona m'kabati. Ndipo ngati ndalama zavuta, kope la sukulu ndi rula zikwanira. Ena adzati foni ya m'manja imasunga zonsezi. Nzoona imakumbutsa, koma ikaonongeka kapena kubedwa imapita ndi zonse, ndipo mdzukulu sadzaipeza m'sutikesi kuti aone dzanja la agogo ake.

Tikafika nayo kunyumba, tisafulumire kulemba za fizi, feteleza ndi ngongole, ngakhale nazonso nzofunika ndipo zidzapeza malo ake. Banja likhale pansi pamodzi, lilembe poyamba Lachitatu la Phulusa, Paskha, Pentekoste, tsiku la Amartiri a ku Uganda pa 3 Juni, tsiku la nkhoswe ya parishi ndi Lamulungu loyamba la Adventi, limene ndi chiyambi cha chaka cha Eklezia. Kenaka tilembe masiku a ubatizo wa ana athu, tsiku la ukwati wa bambo ndi mayi, masiku amene abale athu anatisiya kuti tidzawaperekere Misa, masiku a mphakati, ndi nthawi yokalapa. Tilembenso dzina la wodwala woyenera kukamuona ndi la mbale amene sitilankhulana naye, ndipo tiike deti, pakuti akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Zimene zalembedwa poyamba ndi zimene zina zonse zimazipatukira.

Pomaliza, tilembe modzichepetsa. Masamba onsewo adindidwa mpaka pa 31 Disembala, koma palibe mwa ife amene walonjezedwa kuti adzafika pa tsamba lomaliza; chakudza sichiimba ng'oma. Lilius anakonza kalendala imene sanaigwiritse ntchito ngakhale tsiku limodzi, ndipo Teresa sanasowe kanthu pa masiku 10 amene anachotsedwa. Pa usiku wa Paskha wansembe amalemba pa kandulo mtanda, Alefa ndi Omega, ndi manambala anayi a chaka, kusonyeza kuti nthawi yonse ndi ya Khristu. Manambala omwewo ndi amene ali pa chikuto cha dayale yathu. Ambuye atithandize kuti zimene tidzalembe m'kati mwake zigwirizane ndi zimene zalembedwa pa kandulo.