Mpweya umene umathina boti

Wopanga boti laling'ono pakhomo pake amafika pena pamene manja amachepa. Wamata timatabwa topyapyala pa chikombole chopindika, guluu akadali wamadzi, koma makilampu amangogwira m'mphepete. Pakati pagwira ndani? Apa m'pamene amisiri amatchula vacuum bagging: kukuta ntchito yonse ndi pulasitiki ngati thumba, kumata m'mbali, n'kukoka mpweya wam'kati ndi pampu.

Pampu sithina kanthu. Chothina ndi mpweya wakunja, umene m'mbali mwa nyanja yamchere umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi pa kamalo ka sentimita imodzi mbali zonse. Mukachotsa wam'thumba, wakunjawo umatsamira ntchitoyo mofanana paliponse, ndipo pa mita imodzi mbali zonse ungafike matani pafupifupi 10. Mageji ambiri a ku America amawerenga mphamvuyi mu mainchi a mercury, malire ake ndi 29.92, ndipo ku malo okwera ngati Lilongwe malirewo amatsikirapo chifukwa mpweya ndi wopepuka.

Lusoli linafala pakati pa opanga maboti apakhomo kudzera mwa anthu ngati abale a Gougeon, Meade, Joel ndi Jan, a ku Bay City ku Michigan, amene anayamba kampani yawo mu 1969 n'kutulutsa guluu wa epoxy wa WEST SYSTEM. Jim Brown ndi John Marples nawo anafalitsa njira ya Constant Camber, yomatira timatabwa pa chikombole chimodzi mothandizidwa ndi thumba.

M'thumbamo zinthu zimasanjikizana, chilichonse ndi ntchito yake. Chikombole chimapakidwa phula kuti boti lisadzakanirire. Pamwamba pa nsalu ya faiba yonyowa ndi epoxy pamabwera peel ply, nsalu ya nayiloni imene mumadzaisenda guluu akauma, n'kusiya pokhakhala pabwino kumatirapo china. Kenaka kapulasitiki ka timabowo, koyezera guluu wotuluka. Pamwamba pake pamagona breather, nsalu yonga thonje. Imeneyi ndimaiona kuti oyamba kumene amaipeputsa kwambiri. Popanda iyo, thumba limadzitseka pakamwa pa paipi, geji n'kumaonetsa kuti zonse zili bwino pamene mpweya watsekeredwa kutsogolo kwa boti. Breather imamwanso guluu wopyola muyeso. M'mbali monse mumazungulira tacky tape, zomatira zofewa zimene mumazisindikiza ndi chala, pang'onopang'ono, osalumpha ngakhale pamodzi.

Mawu amene mmisiri amawaopa ndi bridging. Thumba likachepa, limadumpha ngodya osafika pansi, ngati khungu la ng'oma, ndipo pamenepo guluu amadzadza kapena pamatsala mphako. Mankhwala ake ndi makwinya: dulani pulasitiki wamkulu kuposa ntchitoyo, mum'pinde dala m'malo okhota, ndipo pampu ikangoyamba kukoka muzimukankhira m'ngodya ndi zala asanalimbe.

Kuthina kwambiri nakonso kumawononga. Epoxy safuna mphamvu yaikulu kuti agwire, ndipo mukamufinya wambiri, nsalu imatuluka yotuwa, ya mawanga oyera, yopanda mphamvu. Pakati pa thumba ndi pampu ikanipo botolo lolimba lotchera guluu, chifukwa akalowa mu pampu, yatha. Ena amapanga pampu ndi kompulesa ya firiji yakale, ndipo pa tizidutswa tating'ono imagwira ntchito.

Nthawi ndiyo imalamulira zonsezi. Pot life ndi mphindi zimene epoxy wosakaniza amakhala akadali wogwirika, ndipo kukatentha, kapena akakhala wambiri m'chitini chimodzi, zimachepa. Ndiye dulirani nsalu zonse, sankhani hardener (mankhwala oumitsa epoxy) yochedwa, yesani thumbalo pouma musanasakanize kalikonse. Poyesapo tsekani valavu, muyang'ane singano ya geji. Ikamatsika, pali kabowo, ndipo nthawi zambiri kamamveka kulira mukayandikiza khutu pa makwinya kapena polowera paipi.