Kodi Khanda Limakumbukira Chiyani?

Ambiri a ife tikafunsidwa chinthu choyamba chimene timakumbukira pa moyo wathu, timatchula za pamene tinali ndi zaka zitatu kapena zinayi. Za m'mbuyo mwake zili mu mdima. Augustine Woyera wa ku Hippo, m'buku lake la Confessiones limene analemba cha m'ma 397 mpaka 400, ananena kuti za ukhanda wake ankangozidziwa pomva kwa amene anamulera ndiponso poyang'anitsitsa makanda a anthu ena. Chifukwa cha mdima umenewu, anthu ambiri, ngakhale ophunzira, ankayesa kuti khanda silisunga kanthu m'mutu. Kafukufuku wasonyeza kuti maganizo amenewa ndi olakwika.

Kuphunzira kumayamba mwana ali m'mimba. Mu 1980, Anthony DeCasper ndi William Fifer a ku America anapatsa makanda osapitirira masiku atatu kamphira koyamwa kolumikizidwa ku makina. Khanda likayamwa mwa njira ina linkamva mawu a mayi ake, likayamwa mwa njira inanso linkamva mawu a mayi wachilendo. Makanda ambiri anasintha kayamwidwe kawo kuti amve mayi awo. Maso ndiwo amachedwerapo: wobadwa kumene amaona bwino zinthu zimene zili pa masentimita 20 mpaka 30, womwe ndi mtunda wochokera pa bere kufika pa nkhope ya mayi.

Umboni womveka kwambiri unachokera kwa Carolyn Rovee-Collier, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya Rutgers. Kafukufuku wake woyamba pa nkhaniyi anasindikizidwa mu 1969. Iye ankamanga kansalu kakatali pa mwendo wa khanda, mbali inayo n'kumangirira ku tizidole tolendewera pamwamba pa kabedi. Khanda likaponya mwendo, tizidole tinkagwedezeka, ndipo pa mphindi zochepa linkazindikira kuti wogwedezayo ndi ilo lomwe, n'kuyamba kuponya mwendo mwachangu. Patapita masiku, ankalibwezera pa kabedi komweko koma osamangirira ku tizidole. Makanda a miyezi iwiri ankakumbukira kwa tsiku limodzi kapena awiri, a miyezi itatu kwa pafupifupi sabata, a miyezi isanu ndi umodzi kwa masabata awiri.

Zinthu ziwiri mu kafukufukuyu ndizo tikuziona zofunika kwa makolo. Choyamba, khanda limene linkaoneka kuti laiwala, likangoonetsedwa tizidole tija tikugwedezeka kwa mphindi zochepa, mawa lake linkayambanso kuponya mwendo. Zimene linaphunzira sizinafafanizike, zinkangofuna chikumbutso. Chachiwiri, tizidole tikasinthidwa, kapena nsalu yokuta m'mbali mwa kabedi ikakhala ina, kawirikawiri khanda silinkazindikiranso masewerawo. Kukumbukira kwa khanda kumamangirika ku malo, ku maonekedwe ndi ku zimene ilo linachita. Ife tikuganiza kuti mayi amene amasambitsa ndi kugoneka mwana mwa njira yofanana tsiku ndi tsiku akumuphunzitsa koposa mmene iye mwini akudziwira.

Mwana wokulirapo amafufuza ndi manja ndi pakamwa. Mu 2015, Aimee Stahl ndi Lisa Feigenson a pa yunivesite ya Johns Hopkins anaonetsa ana a miyezi 11 zinthu zodabwitsa: chidole chooneka ngati chadutsa khoma, ndi china chooneka ngati chaima m'malere popanda chochigwira. Atapatsidwa zidolezo, ana amene anaona chodutsa khoma ankachimenyetsa pa tebulo, pamene amene anaona choima m'malere ankachigwetsa pansi. Aliyense ankayesa chinthu chenicheni chimene chinamudabwitsa. Mwana wogwetsa supuni kakhumi pa nthawi ya phala sakhala akuchita mwano.

Makutu nawo amasankha. Janet Werker ndi Richard Tees a ku Canada anapeza mu 1984 kuti ana a miyezi 6 mpaka 8 a m'mabanja olankhula Chingerezi ankasiyanitsa mamvekedwe a Chihindi amene makolo awo sankawasiyanitsa, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri anali atataya luso limeneli. Khutu limazolowera chilankhulo cha pakhomo. N'chifukwa chake mwana woberekedwa kumbuyo pa mudzi wa Achewa amakula akumva bwino kusiyana kwa "pala" ndi "phala", pamene mmishonale wobwera ali wamkulu amavutika nako kwa zaka.

Nanga bwanji tikakula sitikumbukira zonsezi? Mu 2025, gulu la Nick Turk-Browne pa yunivesite ya Yale linajambula ubongo wa makanda 26 ali maso, akuyang'ana zithunzi. Linapeza kuti gawo lotchedwa hippocampus, limene akulu amasungira zowachitikira, limayamba kulemba zinthu zoonedwa kamodzi kokha mwana ali ndi pafupifupi chaka chimodzi. Akatswiri ena tsopano akuganiza kuti vuto lalikulu silili pa kusunga, koma pa njira yokatengera zimene zinasungidwazo.