Mlandu wa Madzi: Za Anthu 2,001 a ku Chingola ndi Mlimi wa ku America

Ife a kuno ku Chifunda tikamva za mlandu wa madzi timaganiza za amai awiri amene alimbirana malo pa mjigo, kapena za munthu amene wacapira kumtunda pamene anzake alikutunga kumunsi. Milandu yotere imathera kwa anyakwawa dzuwa lisanalowe. Koma ilipo milandu ina ya madzi imene inatha zaka zambiri m'makhoti, ndipo wina unacita kuoloka nyanja kukafika ku London. Lero ndifuna kukufotokozerani mbiri ya milandu imeneyi, ya kwathu kuno ku Zambia ndi ya ku America, cifukwa tikaiika pamodzi tiona cinthu cimodzi cimene munthu wosauka amasowa akaima pamaso pa oweruza.

Tiyambe ndi za kwathu. Mtsinje wa Kafue umayambira ku Migodi, kufupi ndi malire a Congo, ndipo usanathire mu Zambezi umamwetsa anthu a ku Chingola, ku Kitwe ndi matauni ena. Ngakhale ku Lusaka, gawo lalikulu la madzi a m'mipope limacokera mu Kafue momwemo. Mu 2004 kampani ya Vedanta, imene likulu lake linali ku London, inagula gawo lalikulu la Konkola Copper Mines, eni mgodi wa Nchanga ku Chingola. Polekanitsa mkuwa ndi miyala amagwiritsa nchito asidi, ndipo matope otsala amawatumiza m'mapaipi kupita kumadamu osungirako. Pa 6 November 2006 matope amenewa anatayika m'mapaipi, nalowa m'kamtsinje ka Mushishima, natsikira mu Kafue. Madzi anasintha mtundu, nsomba zinayandama zakufa, ndipo mipope ya ku Chingola inatsekedwa kwa masiku angapo. Amene anamwa kapena kusamba madziwo anadandaula za kupweteka m'mimba, kutsegula m'mimba ndi zilonda za pakhungu.

Mu 2007 bambo James Nyasulu pamodzi ndi anthu ena 2,000 anakasuma ku Khoti Lalikulu ku Lusaka. Anadikira zaka zinai. Mu November 2011 woweruza Phillip Musonda anagamula kuti kampani inalakwa, nalamula kuti ilipire K10 biliyoni. Musadzidzimuke ndi nambala imeneyi, pakuti zinali ndalama zakale. Munthu aliyense anayenera kulandira K5 miliyoni, imene boma litacotsa maziro atatu mu 2013 inasanduka K5,000 cabe. Komabe anthu anakondwa, poona kuti khoti la dziko lao lawamvera.

Kampani inacita apilo, ndipo mu 2015 khoti lomaliza la dziko lathu, la Supreme, linapereka ciweruzo cake. Oweruza anavomereza kuti kampani inaipitsadi madzi. Pamenepo panalibe kukaika. Koma pofika pa ndalama anafunsa kuti, umboni wakuti aliyense wa anthu amenewa anadwala uli kuti? Makalata a dokotala amene anafika m'khoti anali 12 okha. Motero mwa anthu 2,001 amene anasuma, 12 ndiwo anatsala ndi ufulu wolandira malipo, ndipo 1,989 anabwerera manja ali m'khosi, atadikira zaka zisanu ndi zitatu.

Nkosavuta kukwiyira oweruza aja, ndipo inenso nditawerenga koyamba ndinakwiya. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti sanacite zacilendo. Ngakhale cilamulo ca Mose, pa Deuteronomo 19, sicilola kuti mlandu ugamulidwe popanda mboni zokwanira. Cimene cimandiwawa ndi ici: kodi ndani mwa anthu aja akanaupeza umboniwo? Mukudziwa m'mene zimakhalira kwathu. Mwana akatsegula m'mimba timapita naye kukiliniki, amatipatsa thanzi ndi mapilisi, nalemba mizere iwiri m'kabuku koduka pakati. Kabuku kaja kamanyowa ndi mvula, kapena ciswe cimakadya kudenga, kapena ana amang'ambamo mapepala. Palibe amene amatenga magazi kukapima, palibe amene amatunga madzi a tsiku lomwelo m'botolo ndi kulembapo deti. Ndipo ambiri sapita nkomwe kucipatala, amangomwa mankhwala a zitsamba nagona. Munthu wotere anadwaladi, Mulungu akudziwa, koma pamaso pa khoti ali ngati sanadwalepo.

Tsono tiyeni tioloke nyanja, tikaone mlandu wina wa madzi umene unatha mosiyana, ngakhale kuti poizoni wake anali wovuta kumgwira kuposa wa ku Chingola. Asidi wa mu Kafue anaoneka ndi maso. Koma alipo mankhwala ena, ochedwa PFAS, amene alibe mtundu, alibe fungo, ndipo samveka pa lilime. Ndi opangidwa ndi anthu m'mafakitale. Amawagwiritsa nchito popanga mapoto ndi mapani osakakamira cakudya, majekete osalowa mvula, mapepala okulungira zakudya zamafuta, ndi thovu lozimira moto m'mabwalo a ndege. Ubwino wao ndi wakuti moto, madzi ndi mafuta siziwaononga. Ndipo kuipa kwao ndi komweko. Akalowa m'nthaka kapena m'citsime saola, akalowa m'magazi a munthu amakhalamo zaka, ndipo kuwiritsa madzi sikuwacotsa. Ndico cifukwa cake anapatsidwa dzina lakuti mankhwala amuyaya.

Kampani ya DuPont inali ndi fakitale pafupi ndi tauni ya Parkersburg, m'cigawo ca West Virginia, kumene inali kupanga Teflon, cinthu cija coterera cimene amamata m'kati mwa mapani. Kuyambira 1951 inali kugwiritsa nchito mtundu wina wa mankhwala amenewa, wochedwa PFOA kapena C8. Pafupi ndi malo amene kampani inali kutayako zinyalala panali mlimi wa ng'ombe dzina lake Wilbur Tennant. Ng'ombe zake zinali kumwa m'kamtsinje kocokera kudzala limenelo, ndipo zinayamba kuonda, kuda mano, kupenga ndi kufa, mpaka zinafa zoposa 150. Anadandaula m'maofesi, koma palibe anamumvera, pakuti tauni yonse inali kudya ndi fakitale imeneyo. Taonani cimene mkuluyu anacita. Anatenga kamera ya vidiyo najambula thovu la pa kamtsinje, najambula ng'ombe zodwala imodzi imodzi, ndipo zina anazitumbula yekha najambula za m'kati mwake.

Mu 1998 ananyamula matepi ake kupita kwa loya wina wa ku Cincinnati, Robert Bilott, amene nchito yake inali yoteteza makampani, osati kuwasumira. Anavomera kumuona cifukwa agogo ake a Bilott anali kukhala kudera lomwelo. Mlandu unalowa m'khoti mu 1999. Madokotala a ziweto asanu ndi mmodzi anapita kukaona ng'ombe zija, nanena kuti wolakwa ndi mlimi mwini, sadziwa kusamala ziweto. Pakanapanda khama, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Bilott anapempha khoti kuti likakamize kampani kutulutsa makalata ake onse onena za C8. Anamtumizira masamba oposa 110,000, mwina poganiza kuti adzatopa. Iye anakhala pansi miyezi ingapo nawerenga.

Zimene anapeza ndi zoopsa. Kampani inali kudziwa kwa zaka zambiri kuti mankhwalawa amaononga ziwindi za nyama zopimirapo. Mu 1981 inaona kuti mwa ana asanu ndi awiri obadwa kwa amai ogwira nchito m'cigawo ca Teflon, awiri anabadwa ndi cilema ca m'maso. Mu 1984 inapima madzi a m'mipope ya m'matauni oyandikana nipezamo C8, koma sinauze anthu. Ndipo padzala lija la pafupi ndi mlimi inatayapo matani 7,100 a matope okhala ndi mankhwalawo. Umboni umene mlimi anali kusowa unali m'makabati a kampani yomweyo.

Mlandu wa mlimi unatha mwa kumvana mu 2001, koma Bilott anatsegula wina m'dzina la anthu pafupifupi 70,000 amene anali kumwa madziwo. Apa ndiye pali phunziro la nkhani yathu. Pamene kampani inavomera kulipira madola 70 miliyoni mu 2004, anthu aja sanangogawana ndalama ndi kupita. Anagwirizana kuti ndalamazo zigwire nchito yopima anthu. Aliyense wobwera kudzapereka magazi ndi kufotokoza mbiri ya matenda ake anali kulandira madola 400, ndipo anabwera anthu pafupifupi 69,000. Akatswiri atatu, ovomerezedwa ndi mbali zonse ziwiri, anatha zaka zisanu ndi ziwiri akusanthula zimenezi. Pofika 2012 ananena kuti C8 ikuoneka kuti imagwirizana ndi matenda asanu ndi limodzi: khansa ya impso, khansa ya ziwalo zobisika za amuna, matenda a cithokomiro, zilonda za m'matumbo, mafuta oculuka m'magazi, ndi kuthamanga kwa magazi kwa amai apakati. Pamenepo odwala oposa 3,500 anasuma aliyense payekha, ndipo mu 2017 analipidwa madola 671 miliyoni. Pambuyo pake milandu inafalikira America yense, kotero kuti mu 2023 kampani ya 3M, imene inali kupanga mankhwalawa, inavomera kupereka madola osacepera 10.3 biliyoni othandizira kuyeretsa madzi a m'mipope. Mlimi uja sanazione zonsezi. Anamwalira mu 2009.

Ku Chingola makalata a dokotala 12, ku Parkersburg magazi a anthu 69,000. Sindikhulupirira kuti Azungu aja anadwala kwambiri kuposa abale athu, kapena kuti oweruza ao ndi olungama kuposa athu. Anasiyana pa umboni, ndipo umboni umafuna ndalama.

Zimenezi oweruza a ku England anaziona. Mu 2015 momwemo anthu 1,826 a m'midzi ya Shimulala, Kakosa, Hippo Pool ndi Hellen, pafupi ndi Chingola, motsogozedwa ndi bambo Dominic Lungowe, anakasumira Vedanta ku London cifukwa ca kuipitsidwa kwa mitsinje ndi minda yao. Kampani inatsutsa kuti mlandu wa ku Zambia uzengedwe ku Zambia, ndipo mkangano wa malo okhawo unatha zaka zinai. Pa 10 April 2019 khoti la Supreme la ku Britain linavomereza kuti malo oyenera akanakhaladi Zambia, koma linalola kuti mlandu upitirire ku London, pakuti alimi osauka aja sakanapeza kwao maloya ndi akatswiri okwanira pa mlandu waukulu cotere. Boma silikanawalipirira loya, ndiponso malamulo athu sanali kulola loya kugwira nchito pa pangano lakuti adzalipidwa akapambana. Mlandu wa a Nyasulu unachulidwa ngati citsanzo ca zimene zimacitika umboni ukasowa. Ine monga mwana wa Zambia ndimamva manyazi kuti cilungamo ca madzi a Mushishima cinakafunidwa m'dziko la atsamunda athu akale. Mu January 2021 mbali ziwirizi zinamvana kunja kwa khoti. Anthu oposa 2,500 analandira malipo, kampani sinavomere kulakwa, ndipo kuculuka kwa ndalamazo sikunalengezedwe.

Kafue sanapumule. Pa 18 February 2025 damu la matope a asidi la kampani ya Sino-Metals linagumuka pafupi ndi Chambishi, madzi ake natsikira mu Mwambashi ndi mu Kafue. Mipope ya ku Kitwe inatsekedwa, ndipo ndege za asilikali zinawaza laimu pamtsinje pofuna kupha mphamvu ya asidi. Mu September caka comweco alimi 176 anakasuma ku Khoti Lalikulu ku Lusaka, khoti lomwe lija kumene a Nyasulu anayambira zaka 18 m'mbuyomo.

Wina adzati, nanga ife a m'cigwa ca Luangwa zikutikhudza bwanji, popeza tilibe mgodi wa mkuwa kapena fakitale ya mapani? Coyamba, ambiri a inu mukatsiriza sukulu mudzapita ku Lusaka ndi ku Migodi, mukamwa madzi a Kafue. Caciwiri, nafenso tili ndi zathu. Tonse taonapo munthu akutsuka copopera thonje m'mphepete mwa mtsinje, kapena mwana akupita kumunda ndi madzi akumwa m'botolo limene munali mankhwala a mbozi. Pamenepo palibe kampani ya ku London yoti tiisumire, wolakwa ndi mbale wathu wa m'kwaya. Ndipo tsiku limene adzabwera anthu ndi makina ao kudzakumba miyala kumtunda kwa mitsinje yathu, adzatifunsa funso lomwe lija, kuti madzi anu anali otani ife tisanabwere?

Pa msonkhano wathu wa acinyamata mwezi wathawu tinasonkha ndalama tinagula buku la cikuto colimba, ndipo alembi athu ndiwo akulisunga m'bokosi la mabuku a nyimbo kuchalichi, kumene ciswe sicifika. Citsime ciliconse ndi mjigo uliwonse wa m'midzi yathu uli ndi tsamba lake. Madzi akasintha mtundu kapena fungo timalemba tsiku. Ana a nyumba zingapo akadwala m'mimba sabata imodzi timalemba maina a midzi, kumene amatunga, ndi tsiku limene anapita kukiliniki, ndipo timapempha makolo kuti tibuku ta kucipatala azitisunga m'pulasitiki. Pofika lero talemba masamba atatu.