Katapila sanafe, mabuleki ndiwo aperepeseka

Abale anga, tiyeni tilowe m'galaja. Ku Thyolo, kumene esiteti ngati Satemwa yakhala ilipo kuyambira 1923, munthu ukaona katapila wakale, monga Caterpillar D2 amene ankapangidwa kuyambira 1938 mpaka 1957, umadziwa kuti ali moyo chifukwa cha manja a amakaniko. Manjawo ndi aluso, sindikutsutsa. Chondiwawa ndi pakamwa.

Katapila alibe chiwongolero. Pokhotera kumanzere, woyendetsa amakoka ndodo ya kumanzere kuti kilatchi ileke kupatsira mphamvu ku tcheni cha mbali imeneyo, kenako amaponda buleki, tchenicho n'kuima, chinzake n'kumapitirira. Bulekiyo ndi lamba wachitsulo wokuta dilamu, ndipo mkati mwake anakhomeramo layining'i. Tsono katapila akakana kukhota, mwana wa lero amangoti, "Wafa." Wafa bwanji injini ikulira? Mkulu wa kale ankayamba wasuzumira, n'kunena kuti layining'i yaperepeseka, kapena yamwa oyilo ndiye ikuterereka, kapena lamba wangokhwefuka. Matenda atatu, mankhwalanso atatu. Wokhwefuka timamukunga ndi sipanala. Yomwa oyilo timaitsuka ndi palafini, titayamba tatseka pomwe oyiloyo akudonthera. Yoperepeseka ilibe pemphero: imachotsedwa, ina n'kukhomedwa, timisomali tisanayambe kukanda dilamu. Wonena kuti "wafa" amagulitsa abwana zipangizo zosafunika, kapena kusiyitsa makina abwinobwino patchire kuti adye dzimbiri.

Ndiye pali mliri wa "kupanga". Mumva wina akuti "ndikupanga adjust", mnzake "tapanga check". Mneni mmodziyu wameza anzake onse ngati nsato. Kodi kumasula, kumanga, kukunga, kupala, kutsuka ndi kuyesa zinatilakwira chiyani? Timapanga chinthu chimene kunalibe. Chimene chilipo koma chawonongeka timachikonza.

Pa kukonzapo mpamene ndimagwira njakata. Ambiri akulemba kuti "kukhonza mabuleki". Ayi, abale. Timakonza mabuleki, koma mwana amakhonza mayeso. Kampweya ka h kameneko si kokometsera. Ndi komwe kali m'dzina la Thyolo, limene atsamunda ankalemba kuti Cholo, ife n'kulibwezera mwake. Lembaninso mabuleki, osati "ma buleki". Ma ameneyu ndi mphatikiri, saima payekha. Wokayika atsegule Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ntchito ya a Centre for Language Studies ku Zomba.

Musandimve molakwa, mawu obwereka sindidana nawo. Sipanala, buleki ndi girisi analowa m'mudzi kalekale, anavala zathu, ndipo timawatchula mwathu. Amene ndikukana ndi mlendo wothamangitsa mwini nyumba alipo.

Nkhaniyi imafika mpaka pa moyo wa munthu. Layining'i zakale zambiri zinali ndi asibesitosi, fumbi lake loopsa m'mapapo. Ukauza wophunzira ntchito kuti "panga clean", iye adzapemerera ndi mpweya, fumbi lonse kobo! kumaso. Muuze kuti, "Pukuta ndi nsanza yonyowa, usauzire." Mukatha, kungani mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo musakungitse, kuopa kuti lamba angamakhule dilamu n'kutentha. Kuona maso a nkhono n'kudekha: yambani mwamuyesa katapilayo pachidikha, akhote uku ndi uku, musanamulole kutsetsereka m'zitunda za Thyolo nthawi ya dzinja, dothi lofiira lija likuterera.